Pampu ya Mlomo Umodzi

Sikelo yanga yoyezera ufa inasowa m'khitchini mwezi umene amuna anga anapuma pa ntchito. Ndinafufuza m'makabati monse, ndinakalipira ndi mphaka yemwe, kenako ndinaipeza pabalaza, pa tebulo lodyera. Pamwamba pake panali sokosi imodzi yopindidwa bwinobwino, ndipo Bambo anali atawerama, magalasi ali pamphuno, akuwerenga timanambala ngati dokotala amene wapeza matenda.

"Sokosi izi n'zolemera," anatero osandiyang'ana. "Pali zina zopepuka."

Ine ntchito yanga ndi yophika makeke a maoda, a maukwati ndi a maphwando a ana, ndipo popanda sikelo manja anga amakhala omangika. Likanakhala tsiku lina ndikanakalipa mpaka aneba kutsegula mawindo. Koma tsiku limenelo ndinabwerera kukhitchini ndikumwetulira ndekha, ufa ndinayeza ndi kapu. Sokosi pa sikelo inkatanthauza kuti ulendo wathu uja wayandikira.

Ulendowo anandilonjeza ndili mtsikana. Nthawi imeneyo ankandinyamula pa kaliyala ya njinga yobwereka kwa achimwene awo, ine nditagwira malaya awo kumsana, iwo akupalasa thukuta lili kamukamu. Tsiku lina tinaima pamphambano pamene msewu umakhotera kumapiri, ndipo anandilozera ndi chibwano. "Ana akadzakula, iwe ndi ine tidzakwera aliyense yake, tidzatsata msewu uwu mpaka kuseri kwa mapiriwo. Tizidzagona pamene dzuwa latilowera." Ponena zimenezi ana tinalibe, ngakhale poto tinalibe. Ana anabwera, anakula, anakapeza nyumba zawo. "Iwe" uja anatha, ine ndinasanduka Mayi, iwo Bambo. Koma mawu a pamphambano aja ndinawasunga, ndipo sindinauzepo munthu poopa kusekedwa.

Atangopuma pa ntchito, Bambo anagula njinga yowonda, yoti mwana angainyamule ndi dzanja limodzi. Analowa gulu la azibambo ena opuma ntchito amene amapalasa Loweruka atavala makabudula othina, mimba ili patsogolo. Kumeneko n'kumene anakatenga matenda a magalamu. Anadula chigwiriro cha mswachi. Anaboola timabowo pa sipuni. Anachotsa ndi lezala tinsalu ta m'khosi mwa malaya, ati tikuwonjezera katundu. Alamu anga, mlongo wawo wa Bambo, amene pakamwa pawo palibe mabuleki, anawapatsa dzina loti a Magalamu, ndipo linamera mpaka kwa aneba.

Vuto linali pa kamawu kamodzi. Madzulo alionse Bambo ankayala mapu pa tebulo n'kumati, "Tinyamuka mvula ikatha. Tidutsa apa, tikagona apa, apa tikapumula." Mtima wanga unkadumpha pa "ti" aliyense. Anzawo a makabudula aja sanali nawo pa ulendowu, wina mawondo anamukana, wina mkazi wake anamuletsa, choncho "ti" sanali wa iwowo. Koma Bambo anagwira ntchito zaka zambiri ali mkulu wa ofesi, ndipo kumeneko anazolowera kudzitchula ngati gulu. Akadya okha amati takhuta. Mutu ukawawawa amati sitikupeza bwino. Akalowa m'bafa n'kukhoma chitseko amati tikusamba. Ndiye "tinyamuka" ameneyu anali wa anthu awiri kapena wa bwana mmodzi? Ndinkatchera khutu madzulo alionse, koma kusiyana sindinkakumva.

Katundu nayenso sankandithandiza. Tenti atagula anaikhoma pabalaza pomwepo, mipando ataikankhira kukhoma, n'kukwawiramo kukayesa kugona. Ine ndinaima panja ndikuyeza ndi maso malo amene anatsala pambali pawo. Anali ochepa, koma anthu amene agona bedi limodzi moyo wawo wonse safuna bwalo. Kapoto kanali kamodzi, koma ndi kangati tadyera m'mbale imodzi? Sipuni yoboola inalinso imodzi, ndipo ndinati n'chifukwa akudziwa kuti sindingalole kuti andiboolere yanga. Chilichonse ndinkachipezera chifukwa.

Ndinangoyamba kukonzeka mwakachetechete. Ndinasoka zikwama ziwiri za lona zokoleka pa kaliyala. Ndinakana maoda onse a mwezi wotsatira mvula, ngakhale a makasitomala akalekale amene anandidandaulira kuti ndayamba kunyada. Njinga yanga yakuda, yachitsulo, imene Bambo amaitcha ngolo, ndinaithira oyilo n'kuisinthira timphira ta mabuleki. Ndimaikwera tsiku lililonse pokapereka makeke, bokosi lili kumbuyo, ndiye miyendo ndinali nayo kale. Komabe ndinayamba kudzera dala misewu ya zitunda.

Loweruka lina m'mawa Bambo anati, "Chatsala ndi pampu yokha. Tiyeni tikasankhe." Apa ndiye zinamveka, chifukwa "tiyeni" munthu sadziuza yekha. Ndinavala bulauzi yanga yabwino, ndinapesa tsitsi kawiri.

Shopu ya njinga ili pamwamba pa chitunda, kuseri kwa siteshoni ya basi. Bambo ananyamuka ndi liwiro n'kundisiya pa geti, koma pakati pa chitunda ndinawapeza ataimirira pa mapedulo, akupuma ngati ketulo yowira. Ndinawadutsa n'kukawadikira pakhomo pa shopu. Sindinaseke, Mulungu ndi mboni. Atafika anati tcheni chinkavuta.

Mwini shopu ndi bambo wamfupi wa dazi, amene amadziwa kupopa matayala ndi anthu omwe. Atangoona njinga yowonda ija anaomba m'manja. "Bwana, iyi si njinga, iyi ndi mbalame. Ndipo mwini wake akuonekeratu kuti ndi wa maulendo ataliatali." Bambo anafufuma pomwepo. Ngolo yanga anangoiyang'ana kamodzi n'kuti, "Zolimba zimenezi, mayi, masiku ano sizipezekanso."

Anatiyalira mapampu pa kauntala. Inalipo yaikulu, yotalika ngati mkono, yokhala ndi popondera phazi ndi kawotchi koonetsa mpweya. Inalipo yapakatikati, yakuda, yokhala ndi kapaipi ka mphira kobisika mkati. Panalinso kena kasiliva, kokwana m'thumba la malaya. Pambali anaika timabotolo tachitsulo ta mpweya, toti ukagwiritsa ntchito kamodzi tathera pomwepo, koma iye mwini anatibweza msanga, ati kutali ndi mashopu timeneto tikatha munthu amatsala ndi pakamwa pake.

"Yaikuluyi imadzaza msanga, mkono sutopa," anatero. "Kasilivaka n'kopepuka, koma mudzapopa mpaka mudzakumbukira machimo anu onse. Komanso kalibe kapaipi, ndiye mukamapopa mwamphamvu valavu imatha kupindika. Yapakatiyi ndiye imene ambiri a maulendo amatenga."

Bambo anatsegula chikwama n'kutulutsa sikelo yanga. Inde, sikelo yanga ya ufa, pa kauntala ya eni ake, anthu akuona. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Anayamba kuyeza imodziimodzi, akudina kabatani kobwezera pa ziro, milomo ikugwedera. Yaikulu anaikankhira kumbali asanamalize n'komwe kuwerenga. Kunatsala yapakati ndi kasiliva, ndipo ndinasuzumira manambala paphewa pawo. Magalamu ndimawadziwa kuposa iwo, ndi amene amandidyetsa. Kusiyana kwa ziwirizo sikunapitirire kulemera kwa dzira limodzi.

Bambo ali chiweramire choncho, mwini shopu anasuzumira panja pamene njinga zathu zinatsamirana, n'kunena ngati akungocheza. "Komanso muonetsetse za milomo. Njinga ya bwana ili ndi valavu yowonda, ya kamutu komasula. Ya mayi ili ndi yonenepa, ngati ya galimoto. Yapakatiyi ili ndi milomo iwiri, imapopa zonse. Kasilivaka kali ndi mlomo umodzi, wa valavu yowonda basi."

"Titenga aka," anatero Bambo, kasiliva kali m'manja.

"Bambo, mwamva zimene anena?" ndinafunsa.

"Tamva, tamva. Kameneka katikwanira."

Tsopano "tamva, tamva" ya Bambo ndimaidziwa. Ndi imene amandiyankha ndikawauza kuti denga likudontha kapena kuti mpopi wa kubafa sukutseka, mawa lake n'kulumbira kuti sindinawauze. Maso awo anali pa manambala. Ndinadziuza kuti sanamve. Mwini shopu naye anali atatembenuka kale. "Mwasankha ngati katswiri, bwana. Odziwa onse amatenga kameneka." Kenako anatsitsa mawu n'kuyang'ana ine. "Nanga mayi, tikupezereni yanu?"

"Ife ndi a nyumba imodzi," ndinatero. "Pampu imodzi ikwana." Ndinanena mokweza kuti Bambo amve, koma anali otanganidwa kukulunga sikelo m'thaulo.

Titafika kunyumba anafuna kukayesa. Anaphwetsa tayala la mbalame yawo pakhonde n'kundiitana kuti ndigwire gudumu. Ndinanyonyomala n'kugwira, iwo n'kuyamba kupopa. Mwini shopu sananame, kapampu kaja kamalowetsa mpweya wa mpheta. Bambo anapopa mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, anasintha dzanja, anapuma, anayambiranso.

"Panjira tizidzalandizana," ndinatero, maso ndili pa sipoko.

"Ee, tiona," anayankha ali wefuwefu.

Atalowa m'bafa ndinatenga kapampu kaja n'kupita nako kuseri kumene ndimaimika ngolo. Ndinamasula kachivindikiro ka valavu ya tayala lakutsogolo n'kuyesa kulowetsa. Kanakana. Ndinatembenuza, ndinakanikiza, ndinayesa kumasula mutu wake poganiza kuti mwina mkati muli njira ina. Munalibe. Ndinakabwezera pa tebulo mmene ndinakapezera.

Choncho ndinadziwa kuti kapampuko sikangapope njinga yanga. Chimene sindinadziwe n'chakuti Bambo akudziwa kapena ayi. Ngati kunali kulakwitsa chabe, inali nkhani yoseka. Tikanabwerera ku shopu, ine ndikanawaseka pang'ono, iwo akananamizira magalasi. Koma ngati anasankha akudziwa, ndiye kuti anali atandiyeza kale n'kundikankhira kumbali pamodzi ndi pampu yaikulu ija. Masabata amenewo ndinapsereza keke ya ukwati wa eni ake, zimene sizinandichitikirepo chiyambire ntchito imeneyi.

Alamu anabwera kudzacheza mvula itayamba kudukiza. Anandipeza ndikukankhira zikwama zanga, zodzaza kale, pansi pa tebulo la kukhitchini, ndipo sanandisiye mpaka nditawafotokozera zonse.

"Inu alamu, imvi zonsezi koma zochita za ana a sukulu," anatero akutola zinyenyeswazi za keke m'thireyi. "Afunseni a Magalamu anuwo. Muti, kodi ine ndikupita nawo kapena ayi? Nkhani yatha. Mukapanda kufunsa inu ndifunsa ine."

"Musayerekeze."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndikafunsa ati tiyeni. Achimwene anu sakana munthu pamaso. Ati tiyeni, ndiye ine ndizikapalasa pambali pawo mwezi wathunthu ndikudziwa kuti ndadzikakamiza. Ine sindikufuna kuloledwa, alamu. Anandiitana okha, ndikufuna akumbukire okha."

Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba mabuleki anagwira. Pochoka anangoti, "Achimwene amaiwala ndi tsiku lawo lobadwa lomwe. N'kuiwala kumeneko, muona." Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira.

Tsiku lonyamuka kunacha bwino, kopanda mtambo. Bambo anamwa tiyi ataimirira, anatulutsa mbalame yawo pabwalo n'kuyamba kumangirira tizikwama tawo. Kapampu anakakoleka pa felemu, pafupi ndi botolo la madzi, kakunyezimira. Dzulo lake pa chakudya chamadzulo anali atanenanso kuti, "Mawa tinyamuka dzuwa lisanatenthe," ndipo ine ndinali nditamufumbatabe "ti" ameneyo.

Ndinavala thalauza ndi nsapato zotseka, pamwamba n'kumanga epuloni kuti ndioneke wa masiku onse. Kuseri ndinatenga kamtengo ka machesi n'kukanikiza kamsomali ka mkati mwa valavu ya tayala lakumbuyo, ndikumvetsera mpweya ukutuluka mpaka chitsulo cha gudumu chinakhudza pansi. Zonse ndinali nditaziona kale m'maganizo. Bambo agwada, ayesa, kakana, ayesanso, kenako agwira kumutu n'kuti, Mayi, tachita chiyani, nanga panjira mukanatani, tidzere ku shopu tikasinthe. Ine ndivula epuloni n'kukatulutsa zikwama.

Ndinakankha ngolo mpaka pabwalo, tayala likukwekwereza pansi.

"Bambo, tayala langa laphwa. Tandibwerekani kapampu kanu."

Sanagwade. Sanawerame n'komwe. Anali akumanga lamba wa chipewa chawo cholimba pansi pa chibwano, maso ali kumsewu.

"Sikalowa pamenepo, Mayi. Valavu yanu ndi yonenepa. Pampu yathu yakale ya panyumba ija ndaiika kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, kuti musavutike kufunafuna ine kulibe."

"Munadziwa liti kuti sikalowa?"

"Aa, zimenezo n'zoonekeratu. Ndinaziona tisanapite n'komwe ku shopu." Anagwedeza kachikwama kakumbuyo kuti aone ngati kagwira. "Sikelo yanu ndabweza. Ndaipukuta."

Ndaiika, ndinaziona, ndabweza, ndaipukuta. Munthu amene zaka zonsezi anali gulu, m'mawa umenewo anayankhula ngati munthu mmodzi, momveka bwino, osaphonya ngakhale penapake. Ndinamva manyazi a munthu amene wavalira phwando limene sanaitanidwe, ndipo pansi pa manyaziwo panali mkwiyo umene ndinasowa pouika.

"Nanga kuseri kwa mapiri kuja?" ndinafunsa. Mawu anatuluka aang'ono, ndipo ndinadana nawo.

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akukumbukira, mphambano ndi zonse. Bola akanaiwala.

"Mukadali nazo zimenezo? Tinali ana, Mayi. Ulendo ngati uwu umafuna kupepuka. Ndi ngolo yanuyi munthu angamachedwe panjira." Anamwetulira mwaulemu, mmene ankamwetulirira anthu obwera ndi madandaulo ku ofesi. "Ndizikutumizirani zithunzi pa foni."

"Pa chitunda cha ku shopu ndani anadikira mnzake?"

Anakweza mwendo movutikira, anaphonya pedulo, n'kukhazikika pa chishalo. Pa geti anaima, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti atembenuka. Ankangodikira galimoto kuti idutse.

"Ndapita, Mayi," anatero.

Ndinaima pabwalo nditagwira mahandulo a ngolo mpaka anazimiririka pa kona. Mayi a kuseri kwa mpanda, amene ankayanika zovala, anasuzumira n'kuti, "A Magalamu anyamuka? Inu mupumeko tsopano." Ndinawayankha kuti inde, ndipumadi.

Pampu ya panyumba inali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini monga ananenera. Poiika pamenepo ayenera kuti anawerama, ndipo munthu akawerama pamenepo zikwama za pansi pa tebulo zimaoneka bwinobwino. Sikelo inali pa shelefu, pamalo pake, yoyera mbee. Ndinaitsitsa, ndinadina kabatani kufika pa ziro, ndinatenga dzira limodzi m'thireyi n'kuliika pamenepo. Ndinkafuna ndione ndi maso anga kuti anandisiya chifukwa cha magalamu angati. Ndinayang'ana manambalawo mpaka sikelo inazima yokha.

Kenako ndinaswa dziralo m'mbale n'kuyamba kusakaniza ndi shuga, ngakhale mwezi wonsewo ndinalibe oda ya munthu aliyense.